Sitiroberi Ayendera Kuzizira, Osati Mvula

Alimi amene aganiza zobzala sitiroberi m'madimba mwao ayenera kudziwa cinthu cimodzi asanagwire khasu: mbeu imeneyi siyendera mvula monga cimanga. Iyendera kuzizira.

Makolo ake ndi a kumaiko ozizira. Mtundu wina unacokera kum'mawa kwa North America, wina ku Chile, kumene Amédée Frézier anautenga napita nao ku France m'caka ca 1714. Mbande zakezo zinali zazikazi zokhazokha, cotero sizinabale bwino kufikira pamene zinabzalidwa pafupi ndi mitundu ina. Ukwati wa mitundu iwiri ija, ku Brittany m'zaka za m'ma 1750, ndiwo unabala sitiroberi amene agulitsidwa m'masitolo lerolino.

Ku England mbeuyi imagona miyezi ingapo m'cisanu, nidzuka kukayamba kufunda, ndipo zipatso zimapsa mu Juni ndi Julayi. Ku Huelva, kumwera kwa Spain, alimi amafunditsa minda ndi mapulasitiki nayamba kuthyola anzao a kumpoto akali kuotha moto. M'mbali mwa nyanja ku California, kumene mphepo imacepetsa kutentha, amakolola miyezi yambiri pa caka.

Zambia ali kufupi ndi pakati pa dziko lapansi, komabe mbali yaikulu ili pamtunda. Lusaka ali pa mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja, ndipo usiku wa mu Juni suceza. Codabwitsa ncakuti miyezi yothyola muno iyambira pomwepo pa Juni ndi Julayi monga ku England, ngakhale kwao ndi nyengo yofunda pamene muno anthu ali m'majuzi. Pa phiri la Zomba m'Malawi apaulendo amagula zipatsozi m'mbali mwa mseu pa cifukwa comweco. Koma kutentha kukapitirira madigiri 30, maluwa amacepa ndipo zipatso zimakhala zazing'ono ndi zofewa. Mlimi wa m'cigwa ca Luangwa acita bwino kusunga thukuta lake pa mbeu zina.

Nthawi yobzala ndi pamene mvula ilikutha, ca mu Epulo. Sabzala njere ai, koma timphukira timene timayanga kucokera ku tsinde la mai. Mtima wa mbande ukhale wolingana ndi nthaka. Ukakwiririka umaola, ukatsala pamwamba mizu imauma. Pansi payalidwe udzu wouma kuti zipatso zisakhudze dothi, ndipo madzi athiridwe patsinde, pakuti cinyezi ca pazipatso cimaitana nkhungu yotuwa imene imaononga dimba lonse m'masiku owerengeka. Ndiye cifukwa cake wobzala pamodzi ndi cimanga amakolola zoola.

Vuto lalikulu lili pa kugulitsa. Nthoci imapsa m'nyumba, koma sitiroberi akathyoledwa sapitiriza kupsa. Ayenera kucotsedwa m'munda atafiira kale, ndipo popanda firiji sapirira masiku oposa awiri kapena atatu. Mlimi ayambe wapangana ndi wogula asanaunde mizere, makamaka ngati dimba lake lili kutali ndi mseu wa tala.