Kodi mumadziwa? Zilembo za "m'tsogolo" zinachokera pa cheke

Ngati munagwirapo cheke, kaya ya malipiro kapena ya mbatata zomwe munagulitsa pa Dedza, mwina munaona manambala a ngodyangodya m'munsi mwake, onenepa mbali ina n'kuwonda mbali ina. Dzina la manambalawa ndi E-13B. Bungwe la American Bankers Association linawavomereza mu 1958.

Alipo 14 okha: manambala 0 mpaka 9 ndi zizindikiro zinayi. Inki yake imakhala ndi chitsulo chogwira maginito, ndipo kunenepa kosiyanasiyanako ndi kumene kumathandiza makina kusiyanitsa 3 ndi 8, ngakhale wina atadindapo chidindo kapena kusainira pamwamba pake. Amene anawapanga ankaganizira kwambiri makina kuposa maso a munthu.

Komabe anthu anawakonda. Ku Britain, Leo Maggs anatengera maonekedwewo n'kupanga zilembo zonse, A mpaka Z, zotchedwa Westminster. Mu 1970 Bob Newman anatulutsa Data 70 ku kampani ya Letraset. Zilembo zoterezi zinadzaza pa zikuto za mabuku ndi zithunzi zoitanira anthu ku mafilimu a maroboti ndi maulendo a kumwezi, moti munthu akangoziona ankaganiza za kompyuta.

Zimakoma pa mutu wa nkhani kapena pa dzina lalifupi, koma chiganizo chachitali chimatopetsa nazo maso. Inu olemba zikwangwani m'mbali mwa msewu wa M1, zisungireni dzina la sitolo lokha. Mitengo ndi nambala ya foni muzilemba ndi zilembo wamba.