Njira ya Akavalo ya M'mbali mwa Ngalande

Ku England, kufupi ndi mzinda wa Manchester, kuli mudzi wotchedwa Worsley. Pamudziwu pamayambira ngalande yaikulu yotchedwa Bridgewater, imene anthu anaikumba ndi manja kuti muziyenda mabwato. M'mbali mwake muli kanjira kosalala, ndipo masiku ano anthu amakonda kuyendamo pansi kapena pa njinga. Koma kanjiraka poyamba kanali ka akavalo.

Mwini malowa, Francis Egerton, anali ndi migodi ya malasha ku Worsley. Anthu a ku Manchester ankawafuna malashawo pophika ndi potenthetsa nyumba, koma anali okwera mtengo chifukwa ankanyamulidwa pamsana pa akavalo ndi pa ngolo, m'misewu yamatope. Egerton analemba ntchito mmisiri wina dzina lake James Brindley. Mmisiriyu sanaphunzire kwambiri kusukulu, ndipo zambiri ankaziwerengera m'mutu. Kuti madzi asalowerere pansi, iye anamata ngalandeyo ndi dongo lopondaponda, monga momwe woumba mbiya amakonzera dothi lake.

Ngalandeyi inatsegulidwa m'chaka cha 1761. Kavalo mmodzi, akuyenda m'kanjira kaja, ankakoka ndi chingwe bwato la malasha olemera matani pafupifupi 30. Tangoganizani akavalo amene akanafunika kusenza katundu wotereyu pamsana! Posakhalitsa mtengo wa malasha ku Manchester unatsika ndi theka.

Munthu woyenda m'njirayi ayenera kukhala watcheru, chifukwa mbiri yake ili poyera. Ku Worsley angaone mapanga pathanthwe. Amenewa ndi makomo a ngalande zina za pansi pa nthaka, zotalika makilomita oposa 70 zonse pamodzi, zimene zinkafika pomwe ankakumba malasha. Mumdimamo akavalo sankalowa. Anthu okha ndiwo ankakankha mabwato. Madzi otuluka m'migodiyo anali ndi dzimbiri, choncho ngalande ya pamudziwu inatchuka ndi madzi ofiirira. Chapafupi pali nyumba yakale yopakidwa zoyera ndi zakuda, pamene apaulendo ankakwerera mabwato opita kumzinda.

Chodabwitsa koposa chili pamalo otchedwa Barton. Apa ngalande inakumana ndi mtsinje wa Irwell. Brindley anamanga mlatho wamiyala wonyamula madzi, kotero kuti bwato linkadutsa pamwamba, lina likuyenda mumtsinje pansi pake. Anthu ankachokera kutali kudzaona zimenezi. Patapita zaka zoposa 130, anakumba ngalande ina yaikulu yoti muziyenda sitima zapanyanja, ndipo mlathowo anaugwetsa chifukwa sitimazo sizikanatha kudutsa kunsi kwake. M'malo mwake, m'chaka cha 1894, anatsegula mlatho wachitsulo wooneka ngati mwendo wautali wa bwato. Sitima yaitali ikamabwera, amatseka mbali zonse ziwiri za mlathowo, kenaka umatembenuka uli ndi madzi ake olemera matani 800, sitima n'kudutsa.

Njanji ndi misewu zitachuluka, ntchito ya ngalande inachepa, ndipo mabwato a katundu analeka kuyendamo m'chaka cha 1974. Tsopano muli mabwato a anthu ocheza, abakha, ndi asodzi okhala phee ndi mbedza zawo.