Tizilombo tikamanga linga pa diripi

Ambirife amene tinakulira ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo timadziwa kuti ndowa yosungiramo madzi ikatha masiku osatsukidwa, mkati mwake mumayamba kuterera. Mutakhuthula madziwo n'kuthira ena, kutererako sikuchoka mpaka mutakwecha. Zotererazo ndi mudzi wa mabakiteriya amene akakamira pakhoma la ndowa n'kudzifunditsa ndi zinthu zomata zimene apanga okha. Asayansi amautcha mudziwu biofilm. Zoyanga m'mano tikadzuka m'mawa ndi zomwezo.

M'ndowa nkhaniyi ndi yaing'ono. M'chipatala imapha.

Pali kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus, kamene pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amakhala nako m'mphuno kapena pakhungu, osadwala n'komwe. Kakapeza polowera ndi pamene timaona chithupsa kapena bala la mafinya. Tsono kuchipatala polowera sipasowa. Mayi wochira mwa opaleshoni ku Bwaila ali ndi bala. Mnyamata wa kabaza amene waikidwa chitsulo m'mwendo ku Kamuzu Central ali ndi chinthu chachilendo m'thupi. Wodwala aliyense wa diripi ali ndi kachubu kobowola khungu mpaka mu mtsempha.

Pulasitiki ndi chitsulo zilibe magazi, choncho chitetezo cha thupi chimavutika kufikapo. Tizilomboto timamatirira, timaswana, kenako timamanga linga lomata lija. Chochititsa chidwi n'chakuti timene tili mkatikati timachita ngati tagona: sitidya kwambiri, sitiswana. Pomwe mankhwala a gulu la penisilini amapha bakiteriya pamene akukula ndi kumanga khungu lake. Wogonayo amangomulambalala. M'malabotale apeza kuti nthawi zina pamafunika mankhwala ochuluka kuwirikiza ka 1,000 kuti aphe mabakiteriya a mu biofilm poyerekeza ndi oyandama paokha, ndipo mlingo wotere munthu sangapatsidwe. N'chifukwa chake wodwala amatha kupezako bwino ali pa jakisoni, jakisoni akatha thupi n'kuyambanso kutentha. Dokotala akalamula kuti kachubu kachotsedwe n'kubaya pena, si nkhanza, akukwecha ndowa.

Vuto lachiwiri ndi losiyana, ngakhale limayendera limodzi ndi loyambali: tizilombo tina sitimvanso mankhwala ngakhale tili pamtetete. Alexander Fleming anatulukira penisilini mu 1928, ndipo mu 1945 anachenjeza kuti kumwa mlingo wosakwanira kudzaphunzitsa tizilombo kupirira. Zinachitikadi. Atapanga mankhwala atsopano a methicillin, pofika 1961 ku England anali atapeza kale Staphylococcus wosawamva, amene lero amatchedwa MRSA. Mu 2019 MRSA yekha anapha anthu oposa 100,000 padziko lonse. Kwathu kuno, kafukufuku wa zaka zambiri anachitikira ku Blantyre, pachipatala cha Queen Elizabeth, poyeza magazi a odwala. Mu 1998, mwa Staphylococcus aureus 100 alionse, pafupifupi 8 anali MRSA. Mu 2016 anali 18.

Apa ndi pamene makwalala a Mgona ndi Area 25 akulowera m'nkhaniyi. Munthu akamva chimfine amagula makapisozi awiri kapena atatu a amoxicillin pahokala kapena pamsika, pomwe chimfine chimayamba ndi vairasi ndipo makapisoziwo alibe nacho ntchito. Ena amang'amba kapisozi n'kuwaza ufa wake pabala. Timamvetsa, mzere wa kuchipatala ndi wautali ndipo ndalama ya minibasi ndi yovuta. Koma makapisozi atatuwo amapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba tiswane m'mphuno ndi pakhungu. Tsiku limene munthuyo, kapena mwana wake, adzagonekedwe, adzalowa nato mu wodi.

Manja ndiye basi yaikulu ya Staphylococcus, ndipo si manja a anamwino okha. Ife timadzaza mawodi Sabata masana pokazonda odwala, kupatsa moni bedi ndi bedi. Tizisamba m'manja ndi sopo polowa ndi potuluka, osakhudza diripi kapena bandeji ngakhale pofuna kuthandiza. Ndipo ngati ndife gadiyani, tiziyang'ana pamene pabayidwa kachubu tsiku lililonse. Pakafiira, pakatupa, pakapweteka kapena pakatuluka mafinya, tiwauze anamwino nthawi yomweyo, osadikira kuti adokotala adzayendere mawa.