Buku lilibe miyendo, abale

Pa holide yapitayi mwana wa mlongo wanga adabwera kudzacheza kuno kutauni. Mtsikanayu ali Sitandade 7 ndipo amakonda kuwerenga moti ngakhale nyuzi yokulungira usipa amayamba waiwongola kaye. Tsiku lina m'mawa ndidati ndimusiye ku laibulale ndisanapite ku geni.

Abale inu, tidapeza mzere pakhomo chitseko chisanatsekulidwe. Anyamata ndi atsikana a Fomu 4, ena a m'makoleji, aliyense kope lake kukhwapa. Ambiri sadabwerere mabuku ayi, adabwerera mpando ndi bata, poti kunyumba chipinda n'chimodzi ndipo wailesi ya aneba sizima. Sindikuwanena, nanenso ndidadutsa momwemo. Koma mwana uja adasowa pokhala mpaka tidabwerera.

Tili m'njira adandiuza chimene chandilembetsa nkhaniyi. Ati kusukulu kwawo kumudzi kuli makatoni atatu a mabuku amene adabwera ndi anthu akufuna kwabwino, koma chifikireni ali mu ofesi ya ahedi, osatsekula. Ahedi akuopa kuti buku likasowa mlandu ugwera iwo, ndipo palibe mphunzitsi amene adaphunzitsidwa kabwereketsedwe kake. Amene akuwerenga mabukuwo tsopano ndi chiswe.

Mwaona nkhani yake? Kutauni ana alipo, malo palibe. Kumudzi mabuku alipo, wotsekula katoni palibe. Ndipo uyu sadziwa za uja.

Sikuti tilibe poyambira. Bungwe la National Library Service lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1967, likulu lake lili ku Lilongwe ndipo lili ndi nthambi m'zigawo zonse zitatu, ku Mzuzu, Blantyre, Zomba ndi kwina. Bungweli lidasindikizapo timabuku ta ana totchedwa Werengani, komanso lakhala likulandira mabuku kuchokera ku Book Aid International ya ku Britain. Apa chipewa ndivule. Koma dziko lino lili ndi maboma 28, ndipo kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere, ana a sukulu adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Tidawaphunzitsa a, e, i, o, u, chabwino. Nanga akadziwa kuwerenga aziwerenga chiyani, zikwangwani za m'misewu?

Timakonda kunyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, makolo ake adalephera fizi ndipo mnyamatayu adasiya sekondale. Chimene chidamupulumutsa ndi kalaibulale kakang'ono pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, komwe adapeza buku lotchedwa Using Energy. Ali ndi zaka 14 adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga ndi mitengo ya bulugamu. Nkhani yake idatuluka m'buku mu 2009, kenako mufilimu mu 2019. Timawomba m'manja, eya. Koma ine ndikaiganiza nkhaniyi mtima umandipweteka, chifukwa kalaibulale kaja kakadakhala kotseka ngati makatoni a kwa mlongo wanga, bwenzi lero palibe akumudziwa. Mwana aziyembekeza mwayi kuti apeze buku?

Anzathu ena vutoli adalithetsa popanda matsenga. Ku America, m'dera la Minnesota, malaibulale adagawidwa m'magulu a zigawo ndipo boma la deralo limapereka ndalama ku maguluwo. Mu 1987 magulu khumi adagwirizana kuti m'malo moti aliyense azivutika payekha kukonza zowerenga za ana pa holide yaikulu, asankhe mutu umodzi, ajambulitse zithunzi limodzi, zofunika agule pamodzi. Mgwirizano umenewo, wotchedwa Collaborative Summer Library Program, udakula mpaka kufalikira m'madera ambiri a dzikolo.

Wina anena kuti amenewo ndi a ndalama. Zoona. Koma inu anzanga a mumsika nzeru imeneyi mumaidziwa kale. Mukamakapikula tomato ku Lizulu kapena mbatata ku Tsangano, ndani amachita hayala lole yekha? Mumasonkherana, katundu n'kubwera pamtengo wabwino. Ndipo kaunjika akakanika kutuluka pano mumapita naye pamsika wina, simumukhalira mpaka achite nkhungu.

Mabuku a ana nawo aziyenda chomwecho. Sukulu za pulayimale zidagawidwa kale m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi TDC yake ndi a PEA amene amayendera sukuluzo. Chovuta n'chiyani kuti bokosi la mabuku likhale teremu imodzi pasukulu ino, teremu inayo lisunthire patsidya, la patsidyalo libwere kuno? Nthambi ya laibulale ya m'chigawo izisunga kaundula, iziphunzitsa mphunzitsi mmodzi pasukulu iliyonse, ndipo imuuze poyera kuti buku long'ambika chifukwa chowerengedwa si mlandu. Kutauni nako, tsiku limodzi pamlungu kapena kona imodzi ikhale ya ana okhaokha, akuluakulu a makope asalowemo.

Apa mpamene boma liyenera kuonekera. A kunja amakonda kupereka mabuku chifukwa katoni imaoneka bwino pachithunzi. Mafuta a galimoto yonyamula katoniyo, malipiro a woyang'anira, loko ndi shelefu, zimenezo ndi zathu. Kuyambira 1998 takhala tikuimba za mphamvu ku anthu, makhonsolo n'kupatsidwa udindo wa sukulu za pulayimale. Tsono inu ophunzira, khansala kapena phungu akabwera kudzapempha voti, mufunseni kuti mu bajeti ya khonsolo muli ndalama zingati za laibulale ya ana. Muone mmene ayambire kutsokomola.

Tsiku lobwerera kumudzi ndidamugulira mwana uja mabuku awiri akale pamsewu. Pokwera minibasi adandiuza kuti akamaliza akabwereketsa anzake, koma azikalemba maina awo kuseri kwa kope la masamu kuti asasowe.