Mawu akuti "foto" ndi munda wa Herschel ku Claremont

M'bwalo la sukulu ya pulayimale ya Grove ku Claremont, mumzinda wa Cape Town, muli chipilala cha mwala chosongoka. Chaima pomwe John Herschel, katswiri wa nyenyezi wa ku England, anadzika telesikopu yake ya mamita 6 kuyambira mu 1834 mpaka mu 1838, malowo akadali munda wotchedwa Feldhausen. Amalawi ogwira ntchito m'nyumba ndi m'masitolo a kuderali amadutsa mu Herschel Road foni ili m'manja, mwina atangotumiza foto kwa abale ku Mangochi kapena ku Mzimba. Mwini dzina la msewuwo ndi yemwe mabuku ambiri amati anafalitsa mawu akuti photography, kholo la "foto" wathuyu. Mawuwa ndi ofunika kuwaunika chifukwa mkati mwake muli malongosoledwe a zomwe zimachitika kamera ikathwanima, ngakhalenso dokotala akakutumizani kuti akakujambuleni pachifuwa.

Mngelezi amati photography, Mfalansa photographie, Mjeremani Fotografie, wolankhula Chipwitikizi ku Tete fotografia, ndipo m'Chiafrikaans cha ku Cape komweko ndi fotografie. Mawu amafanana m'zilankhulo m'njira ziwiri. Ena ndi cholowa: mother, Mutter ndi mater amafanana chifukwa zilankhulozo n'za mbumba imodzi, monga momwe Mchewa amati munthu, Mzulu umuntu, Mswahili mtu. Photography sali m'gulu limeneli. Ndi mawu osula, olumikizidwa dala kuchokera ku zidutswa ziwiri za Chigiriki: phos, kuwala, ndi graphein, kulemba kapena kujambula. Mgiriki wakale sanawatchulepo n'kamodzi komwe. Akatswiri a ku Ulaya ankaphunzira Chigiriki ndi Chilatini kusukulu, choncho dzina lomangidwa ndi zidutswa zimenezi linkadutsa malire popanda womasulira, ndipo panalibe dziko lomwe likanati ndi lake lokha.

Kodi kuwala kumalembadi? Ndithu. Kale m'zaka za m'ma 1700, Mjeremani Johann Heinrich Schulze anaonetsa kuti mchere wa siliva umada chifukwa cha kuwala, osati kutentha. Mukaupaka papepala n'kuikapo tsamba padzuwa, pomwe dzuwa lafika pamada, pomwe tsamba laphimba pamatsala poyera. Vuto linali lakuti mukachotsa tsamba lija kuti muone ntchito yanu, poyera paja pamayambanso kuda mpaka pepala lonse kuti bii. Thomas Wedgwood anakakamira pamenepa cha m'ma 1800 koma sanapeze pothawira. Yankho linali m'manja mwa Herschel kuyambira mu 1819, pomwe anapeza kuti mankhwala omwe ojambula anadzawatcha haipo amasungunula mchere wa siliva. Mu Januwale 1839 atamva kuti Louis Daguerre watulukira njira yojambulira ku Paris, anayesa yekha, ndipo m'masiku ochepa anatsuka pepala ndi haipo: mchere womwe kuwala sikunaukhudze unachoka, chithunzi n'kukhazikika. Pa 14 Malichi chaka chomwecho anafotokoza izi ku bungwe la Royal Society pogwiritsa ntchito mawu akuti photography. Iye yemweyo ndiye anakhazikitsa mawu akuti negative ndi positive, kusiyanitsa filimu yomwe zoyera zimaoneka zakuda ndi chithunzi chotsukidwa kuchokera pa iyo.

Wina angatsutse kuti ulemuwu wapita kwa munthu wolakwika, ndipo ali ndi pogwira. Hércules Florence, Mfalansa wokhala ku Brazil, analemba photographie m'kope lake mu 1834, koma ntchito yake inakhala yosadziwika kunja kwa zaka zoposa 100. Nyuzipepala ya ku Berlin ya Vossische Zeitung inasindikizanso mawuwa mu Febuluwale 1839, m'nkhani yomwe akuti analemba katswiri wa nyenyezi Johann von Mädler. Komatu umboni umenewu ukulimbikitsa mfundo yathu. Ngati anthu atatu a m'mayiko osiyana anafika pa dzina limodzi, ndiye kuti dzinalo linachokera m'ntchito yeniyeniyo, osati m'mutu wa munthu mmodzi. Mayina opikisana nawo analipo. Nicéphore Niépce ankati héliographie, kulemba kwa dzuwa, koma nyali nayo imajambula. Daguerre anapachika dzina lake lomwe pa daguerréotype, ndipo njira yakeyo itatha ntchito dzina linapita nayo limodzi. Dzina lomwe linatchula kuwala kokha ndilo linapulumuka, mwakuti lero likukwanirabe pa foni, momwe chojambulira si mchere wa siliva ngakhale pang'ono koma kachipangizo ka silikoni kosandutsa kuwala kukhala magetsi.

Angatsutsenso kuti Claremont yangolowetsedwamo, poti mu 1839 Herschel anali atabwerera kale ku England. N'zoona, ndipo palibe anganene kuti mawuwa anabadwira ku Feldhausen. Chomwe chinachitika kumeneko ndi khama lofuna kusunga zomwe diso laona. Usiku ankalemba ndi kujambula pamanja nyenyezi za kumwera, kuphatikizapo nyenyezi ya mchira ya Halley ndi kuwala kodzidzimutsa kwa Eta Carinae mu Disembala 1837. Masana ankajambula maluwa a ku Cape pogwiritsa ntchito camera lucida, kagalasi koonetsa chinthu ngati chili papepala kuti munthu atsatire m'mbali mwake ndi pensulo, mkazi wake Margaret n'kumapaka mitundu. Munthu amene watha zaka zinayi akutsatira kuwala ndi pensulo sangachedwe kumvetsa phindu loti kuwalako kuzilemba kokha.

Chichewa chinayang'ana mbali ina ya nkhani yomweyi. Timati chithunzi, mawu a tsinde limodzi ndi mthunzi ndi chithunzithunzi. Ena amaona ngati awa ndi mawu osalongosoka, a anthu omwe kamera inawadzidzimutsa, ndipo amadandaula kuti "kujambula" timakugwiritsa ntchito pa pensulo, pa kamera ndi pa nyimbo pomwe. Dandaulo lachiwirili likugweranso Chigiriki, chifukwa graphein nayenso ankasenza kukanda, kulemba ndi kujambula. Loyambalo ndi lolakwika kotheratu. William Henry Fox Talbot, mnzake wa Herschel, poyamba ankatchanso luso lake sciagraphy, kulemba ndi mthunzi, poti zithunzi zake zoyambirira zinali mithunzi ya masamba papepala. Ndipo kuchipatala mawu a Chichewa ndiwo olondola kwambiri. Cheza cha ekisire, chomwe Wilhelm Röntgen anatulukira mu 1895, chimapyola mnofu koma chimatsekeredwa kwambiri ndi mafupa. Nthiti zimaoneka zoyera chifukwa chezacho sichinafike bwino kuseri kwake: ndi mthunzi wa fupa pa negative. Mapapo abwino ndi odzaza mpweya, cheza chimadutsa, amaoneka akuda. Chifuwa chachikulu kapena chibayo chikaika madzi ndi mafinya m'malo mwa mpweya, pamatuluka mawanga otuwa, omwe madokotala achingelezi nawonso amawatcha mithunzi.

Mthunzi uli ndi chilema chimodzi: umaunjika zakutsogolo ndi zakumbuyo pamalo amodzi, mwakuti chotupa chikhoza kubisala kuseri kwa mtima kapena kwa fupa. Mmodzi mwa omwe anathandiza kuthetsa vutoli ndi Allan Cormack, yemwe anaphunzira ku Rondebosch, moyandikana ndi Claremont, ndi ku University of Cape Town. Mu 1956 ankathandiza pachipatala cha Groote Schuur pa zamankhwala a cheza ochizira khansa, ndipo anaona kuti madokotala analibe njira yodziwira kuchuluka kwa cheza chomwe chiwalo chilichonse chikumwa. Anapeza masamu osonyeza kuti mutatenga mithunzi yambiri mozungulira thupi, mungathe kuwerengera zomwe zili pamalo alionse mkati, ndipo anawasindikiza mu 1963 ndi 1964. Godfrey Hounsfield ku England anapanga makina ogwira ntchito yomweyo payekha, awiriwo n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1979. Makinawo ndi CT sikani, ndipo T wakeyo akuimira tomography, kuchokera ku tomos, kagawo kodulidwa: kompyuta imaonetsa thupi m'magawomagawo popanda mpeni. Cheza chake n'chochuluka kuposa cha ekisire wamba, n'chifukwa chake dokotala amayamba wayeza ngati sikaniyo ikufunikadi, ndipo mayi amene akuganiza kuti ndi woyembekezera amafunsidwa kuti anene asanagone pamakinawo.