Malamba Abwino Sanapeputse Msana wa Msilikali

Munthu akaona zithunzi zakale za asilikali oyenda pansi a ku Britain, maso amathamangira ku jekete lofiira ndi malamba oyera opingasa pachifuwa. Mwini wake wovala zimenezo ankadandaula mapewa, msana ndi mpweya wobanika. Mbiri ya kavalidwe ka asilikali ikuonetsa chinthu chosakoma kumva: akatswiri akapeza njira yabwino yomangira katundu pathupi la munthu, akuluakulu a nkhondo ankaonapo mpata womusenzetsa wina pamwamba.

Msilikali wa ku Britain wotsogoleredwa ndi Wellington pankhondo ya ku Spain ndi Portugal, kuyambira 1808 mpaka 1814, ankavala malamba awiri achikopa amene ankawayeretsa ndi dothi loyera. Lamba wina ankanyamula kabokosi ka zipolopolo 60, wina mpeni wakumfuti. Kumsana kunali chikwama, ndipo pamwamba pake ankamangapo jasi kapena bulangete lokulunga. Kuti zingwe za chikwamacho zisapulumuke m'mapewa, lamba wina ankazilumikiza chodutsa pachifuwa, pamalo penipeni pamene nthiti zimafuna kutambasuka munthu akamapuma. Pakhosi panali kolala wachikopa chouma, woumiriza mutu kukhala chilili. Paperete zinkaoneka bwino ndithu. Pokwera phiri dzuwa lili paliwombo, munthuyo ankangopuma mwawefuwefu. Asilikali a mayiko ena anali ndi nzeru zawo: wa ku Russia ankakulunga jasi lake ngati nkhata yaikulu n'kulikoleka paphewa chopingasa, ndipo pankhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, ambiri anataya zikwama n'kumakulunga tinthu tawo m'bulangete mwa njira yomweyo.

Madokotala a asilikali ndiwo anayamba kufunsa. M'zaka za m'ma 1860 anaona anyamata ambiri akuchotsedwa ntchito chifukwa cha kugunda kwa mtima ndi phuma, ndipo anakayikira malamba aja. Boma linakhazikitsa komiti yofufuza mu 1864, ndipo mu 1871 kunabwera chikwama chotsikira kuchiuno, chosiya chifuwa pamtendere. Kusintha kwenikweni kunadza mu 1908, pamene kampani ya Mills inapanga malamba a thonje lolukidwa molimba m'malo mwa chikopa, chimene chimatamuka chikanyowa n'kuuma gwa chikaona dzuwa. Lamba wam'chiuno, zingwe za m'mapewa, timatumba khumi ta zipolopolo 150, botolo la madzi, kafosholo ndi mpeni, zonse zinali zolumikizana. Zipolopolo kutsogolo zinkalingana ndi chikwama kumbuyo, mmene munali jasi. Msilikali ankatha kuyenda atamasula lamba kutsogolo, katundu osagwa, ndipo popuma ankavula zonse pamodzi.

Nanga anapepukidwa? Pa 1 July 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme ku France, mkati mwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mbiri yolembedwa ndi boma la Britain imati msilikali anatuluka m'ngalande atasenza makilogalamu pafupifupi 30, ngakhale kuti ambiri anali atasiya chikwama chachikulu kumbuyo. Malo a jasi anatengedwa ndi chipewa chachitsulo, chophimba kumaso poopa utsi wakupha, mabomba oponya ndi manja, matumba othiramo mchenga, ndiponso kwa ena fosholo yaikulu kapena piki. Tsiku limenelo lokha asilikali a Britain oposa 19,000 anafa.

Pano wina angatsutse, ndipo ali ndi mfundo. Chimene chinapha anthuwo ndi mfuti zachiwaya za Ajeremani ndi waya waminga amene mizinga inalephera kudula. Munthu wopanda kanthu kumsana sangathamange kuposa chipolopolo. N'zoona, ndipo olemba mbiri ambiri masiku ano salozanso chala katundu yekha. Wina anganenenso kuti chilichonse chimene anawonjezeracho chinali chopulumutsa moyo: chipewa chachitsulo chinachepetsa mabala a m'mutu, fosholo inkapatsa munthu pobisala. Apanso palibe bodza. Vuto n'lakuti chinthu chilichonse chinkaweruzidwa pachokha, ndipo chikakhala chothandiza chinkalowa, popanda wofunsa kuti chituluke n'chiyani. Madokotala amene anayeza asilikali poyenda, ku Germany m'zaka za m'ma 1890 ndi ku Britain nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, anapeza kuti katundu asamapitirire pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa womunyamula. Mnyamata wa makilogalamu 60 wosenza 30 wanyamula theka la thupi lake.  Malamba abwino anathandiza kuti mtolo woterewu utheke.

Kuno kwathu nkhondo ya dziko lonse yomweyo inaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Msilikali wa King's African Rifles wochokera ku Zomba, amene anakumana ndi Ajeremani ku Karonga mu September 1914 n'kuwalondola mpaka m'dziko la Tanganyika ndi la Mozambique, ankaoneka wopepukirapo: kabudula wakhaki, nsalu zokulunga m'miyendo, bulangete, mfuti ndi zipolopolo, ambiri opanda nsapato. Jasi lochindikala la ku Ulaya linalibe ntchito kwenikweni kuno. Koma ufa, mabokosi a zipolopolo, matenti ndi katundu wa maofesala achizungu sizinkayenda zokha. Misewu ya galimoto inali yochepa, ndipo ng'ombe, mahatchi ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Zonsezo zinakwera pamitu ya amtengatenga, amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000, ambiri a iwo ochita kugwidwa m'midzi. Aliyense ankasenza makilogalamu pafupifupi 25, ndipo poti chakudya chake chinkachokera m'mitolo yomweyo, ulendo ukatalika pankafunika amtengatenga ena onyamulira anzawo ufa. Njala, kamwazi ndi chibayo zinapha amtengatenga ochuluka kuposa asilikali amene anagwa ndi zipolopolo pankhondo ya kum'mawa kwa Africa.