Kodi Mlendo Amapeza Zimene Anamva? Za Mathithi a Victoria

Chaka ndi chaka anthu ochokera ku maiko akutali amasunga ndalama kwa miyezi yambiri kuti akaone mathithi a pa mtsinje wa Zambezi, pa malire a Zambia ndi Zimbabwe. Ena amabwerako ali okondwa, koma ena amabwerako akudandaula kuti chithunzi chinawanyenga. Nkhani iyi ifotokoza chimene chimasiyanitsa anthu awiriwa, pakuti onse anapita ku malo amodzimodzi.

Mbiri Yake

Dr. David Livingstone anafika pa mathithiwa m'mwezi wa November 1855, ataperekezedwa ndi Amakololo a Mfumu Sekeletu, ndipo anawatcha dzina la Mfumukazi Victoria ya ku Mangalande. Eni dziko anali nalo kale dzina lao lakuti Mosi-oa-Tunya, ndiko kunena utsi umene umagunda. Ena mwa Amakololo amene anayenda ndi Livingstone pambuyo pake anakhazikika ku chigwa cha Shire, nakhala mafumu kumeneko.

Mathithiwa ngotambalala mamita 1,708, ndipo pa malo akuya koposa madzi amagwa mamita 108. Mlatho wa njanje umene uli pafupi unatha kumangidwa m'chaka cha 1905. Cecil Rhodes, amene anafuna kuti sitima zidzidutsa pamene nthunzi ya madzi ingazigwere, anamwalira mu 1902 asanaone mathithiwo ndi maso ake. Mu 1989 bungwe la UNESCO linalemba malowa m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi.

Chimene Chithunzi Sichinena

Chithunzi chimaonetsa tsiku limodzi lokha, koma mtsinje umasintha ndi nyengo. Madzi a Zambezi amachokera ku mvula imene imagwa kumpoto chakumadzulo kwa Zambia ndi ku Angola. Madziwo amayamba afalikira m'madambo akulu a kwa Alozi, ndipo amachedwa m'menemo masabata ambiri. Nchifukwa chake mathithi amadzaza kwenikweni cha mu April, mvula itayamba kale kukata.

Mlendo wofika nthawi imeneyi amamva kugunda ali kutali, ndipo utsi wa madzi umaoneka pa mtunda wa makilomita ambiri. Koma akayandikira amanyowa thupi lonse monga munthu wogwidwa ndi mvula ya mkuntho, ndipo nthawi zina nthunzi imaphimba mathithi enieniwo kotero kuti kujambula nkobvuta.

Mlendo wofika mu October kapena November amapeza zina. Madzi amatsika kufikira pafupi limodzi la magawo khumi a madzi a mu April. Mbali ya kum'mawa, imene iri ku Zambia, imasanduka khoma la mwala wakuda, madzi akungodontha apa ndi apo. Ndiponso ku mbali yomweyo madzi ena amapatutsidwa kukayendetsa makina a magetsi. Komabe mbali yaikulu, imene imaoneka bwino munthu ataima ku Zimbabwe, siiuma chaka chonse.

Chaka chiri chonse chilimwe chimakhala chotero, koma kumapeto kwa 2019, chilala chitabvuta, manyuzipepala a ku maiko akunja anafalitsa zithunzi za mwala wouma nanena kuti mathithi akutha. Eni mahotela ndi operekeza alendo anadandaula kuti mbiri yotere iwathawitsira alendo. Pofika April 2020 madzi anabwerera ochuluka ndithu.

Tsono amene afuna kuona madzi ambiri ndi mwala womwe, miyezi yabwino ndiyo June, July ndi August. Amene afuna kuona kuya kwa phompho ndi kufika pa chilumba chimene Livingstone anaimapo, apite m'chilimwe. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Za Anthu ndi Nyama

Alendo ena amabwera ndi maganizo amene anatola m'mabuku ndi m'kanema. Amayesa kuti adzapeza mikango ikuyenda m'miseu ndi anthu obvala zikopa. Koma m'nkhalango yosungiramo nyama ya Mosi-oa-Tunya mulibe mikango. Muli zipembere zochepa zimene alonda amazisunga usana ndi usiku. Njobvu zimafikadi pafupi ndi nyumba za anthu, ndipo mlendo akamakondwa poziona, mlimi amalira chimanga chake.

Alendo akapita ku mudzi wa Mfumu Mukuni, pafupi ndi mzinda wa Livingstone, amapeza nyumba za udzu ndi za malata zomwe, ana opita ku sukulu, ndi amisiri osema ziboliboli ali ndi lamya m'thumba. Ena amakhumudwa, ati umenewu si mudzi weniweni. Koma mudzi weniweni ndi umene anthu akukhalamo lero lino.

Phunziro kwa Olandira Alendo

Nkhani iyi ikhudzanso anthu a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, a ku Mulanje ndi a ku chigwa cha Luangwa, amene amapeza ndalama pogulitsa ziboliboli, kupalasa bwato kapena kuperekeza alendo. Woperekeza amene alonjeza kambuku tsiku liri lonse, kapena nyanja yabata m'nyengo ya mwera, amadya kamodzi kokha. Mlendo ndi mame, sachedwa kuchoka, koma akafika kwao amauza anzake zimene anaona.

Chimodzimodzi ndi miyambo. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamlemekeza mu 2005, ali ndi nthawi yake pa maliro, pa chinamwali ndi poika mfumu. Ngati mlendo aonetsedwa gule wongokonzera alendo, ndi bwino kumuuza choona, ndi kumfotokozera tanthauzo lake monga momwe eni mwambo alolera. Mlendo amene wauzidwa zoona asanalipire ndalama zake sachedwa kubweranso, ndipo kawirikawiri amadza ndi anzake.